Kalavani tagula, koma tikaimike pati ku nkhalango? Apongozi nawonso ali pa ulendo

BamboATadala:
Moni nonse. Ndabwera ndi funso, paja safunsa anadya phula. Mwezi wathawu tinagula kalavani yakale kwa gogo wina wachizungu kuno ku Coventry, ya malo ogona anthu anayi. Mayi a kunyumba akhala akulira kuti chaka chilichonse tchuthi timathera pa sofa, ndiye tati chaka chino tikagone ku nkhalango masiku asanu kumapeto kwa Ogasiti, ana asanatsegulire sukulu. Maganizo athu ali pa New Forest, nkhalango ya ku Hampshire kumwera kwa England. Vuto n'lakuti ndatsegula intaneti ndipo malo oimika kalavani ndi ambirimbiri, onse zithunzi zake n'zokongola, mitengo yake ndi yosiyana kwambiri, ndipo sindikudziwa choyang'ana. Tilipo ine, mayi a ana, Tadala wa zaka 9, mng'ono wake wa zaka 4, komanso apongozi anga aakazi amene abwera kuchokera ku Dedza kudzationa. Amene munapitako, tithandizeni.

Chimkango77:
Dikirani kaye achimwene. Kalavani ya anthu anayi, inu mulipo asanu, ndipo wachisanuyo ndi apongozi? Mukagona bwanji?

Nachisale_Luton:
Kkkkk funso langanso linali lomwelo. Ku Dedza mkamwini amathawira kuseri kwa nkhokwe akaona apongozi panjira, kuno mukufuna kukapumira mpweya umodzi m'kabokosi.

BamboATadala:
Musandiseke abale anga. Pogula anatipatsanso tenti yolumikiza kumbali kwa kalavani ija, amaitcha awning. Ine ndi Tadala tikagona mmenemo, amayi onse awiri ndi kamwanako m'kati.

MadalaWaMsewu:
Ndiye mwayankha kale theka la funso lanu osadziwa. Ine ndakoka kalavani zaka 11 ndipo ku New Forest ndapitako kangapo, ndiloleni nditalikitse pang'ono.

Malo a kumeneko ali m'magulu awiri. Alipo amene ali m'kati mwenimweni mwa nkhalango, pa malo a boma, kumene mumadzuka m'mawa hatchi ikudya udzu pakhomo panu. Alipo ena a makalabu a eni makalavani ndi a anthu wamba, otchingidwa ndi mpanda, okhala ndi zonse. Zithunzi zimene zakukopani zambiri ndi za gulu loyambali, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Angapo mwa malo amenewa, monga Denny Wood ndi Matley Wood, alibe zimbudzi, alibe bafa, alibe magetsi. Amakupatsani mpopi wa madzi ndi potaya zam'chimbudzi cha kalavani, basi. Setthorns magetsi alipo koma zimbudzi palibe. Kwa azungu awiri opuma pantchito zimenezo n'zabwino, ndi zimene amafuna. Kwa inu, zikutanthauza kuti anthu asanu mukadalira kachimbudzi kamodzi kam'kalavani, kotchingidwa ndi kachitseko kopyapyala ngati katoni, apongozi ali chogona mamita awiri kuchokera pamenepo. Ndipo kathanki kake, kamene kamadzaza msanga anthu akachuluka, amene azikakakhuthula m'mawa ndi inuyo. Ganizirani bwino.

Choncho choyamba fufutani malo onse opanda nyumba ya zimbudzi ndi mabafa. Mukatero mndandanda wanu ufupika wokha. Hollands Wood ili pafupi ndi katauni ka Brockenhurst moti mumayenda wapansi kukagula buledi, ili pansi pa mitengo ikuluikulu ya oak, zimbudzi ndi mabafa zilipo, koma magetsi olumikiza ku kalavani kulibe. Holmsley ili ndi zonse ziwiri, koma pamalopo panali bwalo la ndege za nkhondo nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndiye mbali yaikulu ndi poyera, mitengo ili m'mphepete. Ubwino wake simutalikira kunyanja cha ku Christchurch. Palinso Black Knowl, ya Caravan and Motorhome Club, kufupi ndi Brockenhurst komweko. Musanalipire werengani pa tsamba lawo, zinthu zimasintha chaka ndi chaka.

NesiWaUsiku:
Madala anena zoona za magetsi. Apongozi anu azolowera kutentha kwa kwathu. Ogasiti wa kuno masana ukhoza kuvula juzi, koma cha m'ma 4 koloko m'bandakucha pansi pa mitengo pamazizira chinyezi chija cholowa m'mafupa. Popanda magetsi muzidalira gasi ndi batire.

MwanaWaKuChawe:
Pepani achemwali, apa ndikutsutsani. Apongoziwo achokera ku Dedza, osati ku Nsanje. Munthu amene wapirira Juni wa ku Dedza angaope Ogasiti wa ku Hampshire? Ndipo ine sindikumvetsa. Munthu wasiya nyumba ya magetsi, wakoka ngolo maola anayi, kuti akaime pa miyala ya khwale pakati pa makalavani 100 ofoleredwa ngati pa depoti ya mabasi, aliyense TV ikulira. Ndiye nkhalango ili kuti pamenepo? Ife tinagona masiku anayi pa malo opanda magetsi, ana anaiwala kuti kuli tabuleti, usiku tinkamva kadzidzi. Batire ya kalavani imakwanira kuyatsa nyale ndi pampu ya madzi, filiji imayendera gasi. Chovuta n'chiyani?

MadalaWaMsewu:
Chovuta n'chakuti inu kalavani yanu mumaidziwa. Awa agula yakale mwezi watha, batire yake sakudziwa kuti ili ndi zaka zingati, filiji sanaiyesepo pa gasi. Ulendo woyamba si wokayesera zonse pakamodzi.

MwanaWaKuChawe:
Angoika sola.

MadalaWaMsewu:
Sola pansi pa mitengo ya oak? Mthunzi womwe mukuutamandawo ndi umene umapha sola.

Chimkango77:
Apa madala agoletsa.

BamboATadala:
Zoona, filiji ndinangoiyesa pa magetsi a kunyumba. Pa gasi sindinayese. Koma a KuChawe, mtima wanga uli mbali yanu. Ndinkafuna ana aone nkhalango yeniyeni.

Nachisale_Luton:
Nkhalango mukaiona ndithu kulikonse mungagone, si yaing'ono. Koma ndikuuzeni za mahatchi aja musanakopeke nawo kwambiri. Ife tinagona pa malo ena opanda mpanda, sinditchula dzina. Ndinasiya thumba la ufa la makilogalamu 5 mu awning, ndatseka zipi bwinobwino, tinapita kukasamba. Pobwera ndinapeza matako a hatchi ali panja, mutu uli m'kati. Inali itang'amba thumba, mphuno yonse yoyera ngati mwana wobera ufa wa phala, buledi yatha, ikununkhiza mphika wa ndiwo. Ndinakuwa, siinatekeseke n'komwe. Bambo a kunyumba anayamba kuombera m'manja chapatali, iwonso akuopa kubakidwa. Inatuluka pa nthawi yake, chingwe chimodzi cha tenti ikukoka ndi mwendo. Masiku atatu otsalawo tinadya mpunga.

Chakudya chonse muzitsekera m'galimoto kapena m'kalavani. Ndipo anawo muwauziretu kuti mahatchiwa si ochezeka ngati a m'makatuni. Amaluma, amabaka.

NesiWaUsiku:
Komanso pano ndi mlandu. Kuyambira Julaye 2023 kudyetsa kapena kusisita mahatchi ndi abulu a ku New Forest n'koletsedwa, chindapusa chake mapaundi 100, ndipo nkhani ikafika ku khothi imatha kukwera mpaka 1,000. Lamulo la nthawi yomweyo linaletsanso kukoleza moto ndi kuwotcha nyama m'thengomo.

BamboATadala:
Kodi mahatchiwo ndi a boma?

MadalaWaMsewu:
Ayi, hatchi iliyonse ili ndi mwini wake. Ndi za anthu a m'deralo amene malo awo ali ndi ufulu wakalekale wodyetsa ziweto m'nkhalango, amawatcha commoners. Ng'ombe ndi abulu chimodzimodzi. Zili ngati dambo la m'mudzi kwathu, kungoti kuno zinalembedwa m'mabuku ndipo kuli akuluakulu oyang'anira. Dzina lakuti New lisakupusitseni, mfumu William the Conqueror anapatula malowa kuti akhale osakirako nyama cha m'ma 1079. Kukhala National Park ndi za posachedwapa, 2005. Mukanapita mu Seputembala kapena Okutobala mukanaona nkhumba zikuyendayenda, amazimasula kuti zidye zipatso za oak zogwa pansi, chifukwa zipatsozo zikachuluka m'mimba mwa hatchi kapena ng'ombe zimapha. M'misewu yopanda mpanda musapitirire mamailosi 40 pa ola, ziweto zimagona pamsewu penipeni, makamaka usiku phula likafunda.

Chimkango77:
Nanga nkhani ya moto ija, mbaula ndiye ayi? Tchuthi chopanda kanyenya ndi tchuthi?

NesiWaUsiku:
Pa malo ogonawo aliyense ali ndi malamulo ake, ena amalola chowotchera chokhala ndi miyendo chosakhudza udzu, ena amaletsa kukauma. Funsani pobukitsa. Koma pano ndiyankhule ngati nesi, osaseka. Mbaula, kapena chowotchera nyama chilichonse cha makala, musachilowetse mu awning kapena m'kalavani, ngakhale moto ukuoneka kuti wazima. Makala amapitiriza kutulutsa mpweya wa carbon monoxide kwa maola ambiri, sununkha, suoneka, munthu amangogona osadzukanso. Ife tinazolowera kwathu kulowetsa mbaula m'nyumba kukazizira, ndipo ndikudziwa gogo aliyense wa ku Dedza akhoza kunena kuti bweretsani kuno tiwothe. Mukane mwaulemu koma mukane. Gulaninso kaalamu ka mpweya umenewu muike m'kalavani, ndi kotchipa, makamaka poti zipangizo za gasi zanuzo ndi zakale. Ndipo pezani wodziwa ntchito aziyese musananyamuke.

China ndi nkhupakupa. M'nkhalangomo muli agwape ambiri, ndiye mu udzu wautali ndi m'zitsamba nkhupakupa zilimo, zina zimafalitsa matenda a Lyme. Madzulo aliwonse muwayang'ane ana kuseri kwa makutu, m'khwapa, kuseri kwa mawondo. Zing'onozing'ono ngati kanjere ka therere, zina kuchepera apo. Kachipangizo kochotsera amagulitsa ku famase. Osaiwotcha ndi machesi kapena kuipaka mafuta monga timachitira ndi za agalu kumudzi.

BamboATadala:
Zikomo kwambiri asisi, izi ndalemba.

MwanaWaKuChawe:
Mukamakamba za nkhalango za kuno ine mtima umangopita ku Zomba. Fungo la paini mvula ikangokata, ana akugulitsa sitiroberi ndi mabulosi m'mbali mwa msewu wokwera phiri, nkhungu ikutsika pa damu la Mulunguzi. Kuno mitengo n'njokongola koma sinunkhira choncho.

KuMpotoKwathu:
Mukapite ku Kielder mukanunkhize. Ine nditafika kumeneko ndinaona ngati ndili ku Chikangawa kale, moto ndi macheka zisanamalize. Mitengo yobzala mizeremizere mpaka kumene maso alekeza. Ndiyo nkhalango yobzalidwa yaikulu kuposa zonse mu England, ndipo usiku nyenyezi zimaoneka ngati kumudzi, mwakuti mu 2013 deralo analivomereza kukhala malo otetezedwa a mdima wa usiku.

Nachisale_Luton:
Chikangawa musaitchule, mundiliza. Ndinadutsa pa basi popita ku Mzuzu ulendo wathawu, malo ena zitsa zokhazokha.

KuMpotoKwathu:
Kubzala akubzala, koma mtengo si chimanga.

Chimkango77:
Kielder mu Ogasiti? Mwawauza za tiudzudzu tija?

KuMpotoKwathu:
Kkkk ndimati ndibise. Eya, kuli timidges. Tating'ono kuposa udzudzu, timabwera chigulu madzulo mphepo ikadekha, timalowa m'tsitsi ndi m'makutu. Malungo sitipatsa koma ukhoza kupenga nato.

MadalaWaMsewu:
Ndipo kuchokera ku Coventry kukafika ku Kielder ku Northumberland, kumalire ndi Scotland, munthu woyamba kukoka, ndi tsiku lathunthu. Tibwerere ku nkhani. A BamboATadala, galimoto yanu ndi yolemera bwanji, ndipo kalavani pa kachitsulo kake kapafupi ndi chitseko palembedwa chiyani?

BamboATadala:
Pa kalavani palembedwa MTPLM 1,300, ndiwo makilogalamu amene siyenera kupitirira ikadzaza. Galimoto buku lake likuti makilogalamu 1,600.

MadalaWaMsewu:
Muli bwino. Makalabu amalangiza woyamba kumene kuti kalavani yodzaza isapose 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Kwa inu ndi 1,360, ndiye muli pansi pake. Si lamulo, ndi langizo, koma ndi labwino. Onaninso m'buku lomwelo malire a zimene galimotoyo imaloledwa kukoka, amenewo ndiwo osadumpha. Laisensi ngati ili ya kuno palibe vuto, kuyambira pa 16 Disembala 2021 laisensi ya galimoto wamba imalola kukoka ngolo mpaka makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena. Pa motorway malire anu ndi mamailosi 60 pa ola, pa misewu wamba ya mbali imodzi 50, ndipo pa motorway ya mizere itatu mzere wakumanja kwenikweni si wanu. Magalasi owonjezera a m'mbali mugule. Katundu wolemera, monga awning ija, muike pansi pamwamba pa matayala, osati kumbuyo kwenikweni, apo ayi kalavani imayamba kuvina pamsewu ndipo simudzaiwala.

Njira yanu ndi M40, A34, M3, kenako M27. Chenjerani ndi Lyndhurst. Misewu ya m'tauniyo ndi yolowera mbali imodzi ndipo nthawi ya tchuthi mzere wa magalimoto umayambira kutali. Lolemba lomaliza la Ogasiti ndi holide, ndiye mukanyamuka Lachisanu holideyo itatsala pang'ono mukakhala pa mzere ndi dziko lonse. Ngati ntchito ikulola, fikani pakati pa sabata.

AmaiAMapasa:
Ndalowa mochedwa koma ndili ndi mawu. Aliyense akukamba za magetsi ndi zimbudzi, palibe watchula pansi. Funsani ngati malo anu ndi a udzu kapena olimbitsidwa ndi miyala, amati hardstanding. Ife chaka china tinasankha a udzu pa famu ina chifukwa anali otchipa ndiponso okongola, kumunsi kwa munda pafupi ndi kamtsinje. Mvula inagwa usiku uwiri. Tsiku lonyamuka matayala akutsogolo anangozungulira pamodzimodzi, matope akuwazikira kalavani yonse. Tinaika makatoni, tinaika mamati a m'galimoto, anangomira. Ine ndi mapasa tikukankha, nsapato yanga imodzi inatsalira m'matopemo mpaka lero. Anadzatikoka ndi thirakitala mwini famu, atamaliza kudya chamasana chake mosafulumira. Kuyambira pamenepo ndimafunsa mafunso awiri: pansi ndi potani, ndipo malowo ali kumtunda kapena kumunsi.

MwanaWaKuChawe:
Walira mvula walira matope, amayi. Koma pa miyala a BamboATadala akagona bwanji mu awning? Msana udzawauza.

AmaiAMapasa:
Matiresi opopa alipo. Koma mwakumbutsa bwino, pa miyala zikhomo wamba za tenti zimapindika, pamafunika zachitsulo zokhuthala zija ndi hamala yeniyeni. Komanso pobukitsa anene kuti ali ndi awning ndipo mugona anthu, chifukwa si malo onse amakwana, ndipo ena amalipiritsa padera. Malo ambiri amafuna mpata wa mamita 6 pakati pa kalavani ndi inzake chifukwa cha moto, ndiye sungangofutukula mmene ukufunira.

Chimkango77:
Za magetsinso muwauze za ketulo. Ine ndinazimitsira anthu mzere wonse.

MadalaWaMsewu:
Mzere wonse mukukokomeza, koma zimachitika kuti chako chimadula. Malo ena amapereka ma amp 16, ena 10 okha. Ma amp 10 pa mavolti 230 ndi mawati 2,300. Ketulo ya kunyumba yambiri imadya pafupifupi 3,000 payokha. Mukaiyatsa, phwii, mdima, ndiye muzikayang'ana bokosi panja ndi tochi. Wiritsani madzi pa gasi, kapena gulani kaketulo ka mawati ochepa. Nsima nayonso pa gasi, ndipo tsegulani zenera ndi kadenga, nthunzi ya nsima ya anthu asanu m'kalavani imasanduka madzi pa makoma. Chinyezi ndiye mdani wamkulu wa kalavani yakale.

Mlamu_wa_Gloucester:
Bwanji osabwera kwathu kuno ku Forest of Dean? Kuchokera ku Coventry ndi kufupi kuposa New Forest, nkhalango yake ndi yothithikana, kuli mtsinje wa Wye, ana mukawatengera ku Puzzlewood ndi ku Symonds Yat kukaona chigwa chili pansi. Bracelands, pafupi ndi Coleford, ndi malo aakulu. M'malo mwa mahatchi kuno kuli nkhosa ndi nguluwe, zimafukula udzu m'mbali mwa msewu ngati kwadutsa khasu. Kungoti musamvere satnav cha ku Symonds Yat muli ndi kalavani kumbuyo. Timisewu take n'topapatiza, totsetsereka, mukakumana ndi galimoto ina wina ayenera kubwerera chambuyo. Tsatani njira imene eni malo alemba.

BamboATadala:
Kubwerera chambuyo ndiye pali nkhani. Ndinayesa pa malo oimika magalimoto Lamulungu m'mawa, ndikati ipite kumanja imapita kumanzere. Tadala anaseka mpaka kukhala pansi.

AmaiAMapasa:
Gwirani chiwongolero m'munsi. Kumene dzanja lapita, kalavani imapita komweko. Pang'onopang'ono. Zikakanika, masulani mukankhe ndi manja, anthu a pa malo amenewa amathandizana, simudzachita kupempha.

Nachisale_Luton:
Nanga timalo tating'ono ta makalavani asanu tija bwanji? Sitingawakomere?

MadalaWaMsewu:
Timene amati CL ku Caravan and Motorhome Club, CS ku Camping and Caravanning Club. N'tabata, n'totchipirapo, nthawi zambiri pa famu, koma uyenera kukhala membala, ndipo tambiri tilibe bafa, tina sitilola ana. Kwa banja ili ndi apongozi, ulendo wachiwiri.

MwanaWaKuChawe:
Chabwino, ndagonja pa za chimbudzi, apongozi alemekezedwe. Koma pa magetsi sindinagonje. Hollands Wood ili ndi mabafa, ili pansi pa mitengo, sitima ya ku London Waterloo imaima pa Brockenhurst pomwepo ngati wina angafune kuthawa. Masiku asanu batire yatsopano imafika mukamasamala.

NesiWaUsiku:
Mafoni asanu, tabuleti ya mwana, ndi apongozi ofuna kuimbira ku Dedza pa WhatsApp madzulo aliwonse?

Chimkango77:
Netiweki yake ili kuti m'nkhalangomo? Akaimbira ali chiimire pa chitsa dzanja lili m'mwamba.

BamboATadala:
Ndakambirana ndi mayi a ana usiku wathawu, tinawerenga zonse pamodzi. Tagwirizana kuti Loweruka likubwerali tikagone usiku umodzi pa malo ena pafupi ndi kuno, mphindi 30 basi, kuti tiyese filiji pa gasi, pampu, ndi kukhoma awning popanda apongozi kuonerera. Za ku New Forest tasankha malo a magetsi ndi mabafa, pansi polimba ngati atsala, kufika Lachiwiri holide itadutsa, kubwerera Loweruka. Nkhalango tizikaiyenda masana. A KuChawe musakhumudwe, chaka chamawa tikadzaidziwa bwino ngoloyi tidzakutsatirani pansi pa mitengo. A Mlamu, Forest of Dean taisungira tchuthi cha Okutobala.

Apongozi tawafotokozera. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa mwana wawo kuti, kodi bambo a Tadala nyumba ino alephera kulipira lendi, kuti tikagone m'ngolo kuthengo?

Nachisale_Luton:
Kkkkkkk ndafa ine. Munayankha chiyani?

BamboATadala:
Mkamwini amayankha? Ndinangotuluka kukapopa matayala.

AmaiAMapasa:
Mwakumbutsa, matayalawo muone chaka chake chosindikizidwa m'mbalimo. A kalavani amaoneka atsopano chifukwa sayenda, koma amang'aluka ndi ukalamba. Akapitirira zaka zisanu sinthani, musayembekeze A34.